Kodi Zida Zodula Zimakometsadi Nyimbo?

Pali anthu amene nyimbo samangoimvera chodutsa. Amaika foni patali, amakhala pampando womwewomwewo pakati pa masipika awiri, ndipo chimbale chikayamba safuna wina awayankhule mpaka chithe. Ena mwa iwo amathira ndalama zokwana kugula galimoto pa masipika, ampulifaya ndi mahedifoni. Ku Japan kuli ngakhale nyumba zomwera khofi zotchedwa jazz kissa, komwe anthu amapita kukangokhala chete n'kumamvetsera zimbale za jazi pa zida zikuluzikulu. Woonera kumbali angati ndi misala ya anthu osowa chochita ndi ndalama. Mbali ina ndi misaladi. Koma anthu amenewa atulukiranso zinthu zothandiza aliyense wofuna kugula wailesi, ngakhale yotsika mtengo.

Kodi hi-fi imasiyana chiyani ndi zoimbira za pa ukwati kapena wailesi ya masipika akuluakulu?

Zimasiyana cholinga. Zoimbira za pa ukwati ntchito yake ndi kufikitsa mawu patali, kuti ngakhale amene ali kuseri kwa tenti amve kuti perekaniperekani wayamba. Zida za hi-fi ntchito yake ndi kutulutsa zimene zinajambulidwa mu situdiyo monga zilili, osawonjezera kanthu, osachotsapo kanthu.

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pamene mpweya ukunjenjemera ka 20 pa sekondi, komwe kuli besi yakuya yomveka ndi pachifuwa pomwe, mpaka ka 20,000 pa sekondi, komwe kuli timawu tosongoka ta nsambo ndi maseche. Muyeso umenewu ndi umene amaulemba kuti Hz. Sipika yabwino imayesetsa kupereka mawu onsewa mofanana. Zoimbira zambiri za m'masitolo zimakokomeza besi dala, chifukwa wogula akamva kugunda amatulutsa ndalama msanga. Besi ili ngati mchere m'ndiwo: ikachepa mumadandaula, koma ikachuluka simudziwanso ngati mukudya chambo kapena usipa.

Chinanso ndi malo a oimba. Mu 1931, katswiri wa kampani ya EMI ku England, Alan Blumlein, analembetsa njira yojambulira mawu m'mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, imene lero timati sitiriyo. Masipika awiri akaikidwa bwino, woimba amamveka ngati waima pakatikati pomwe palibe sipika, gitala chakumanzere, ng'oma chakumbuyo. Munthu akamva zimenezi koyamba amadzuka kukaona ngati pali sipika yachitatu yobisika. Ambiri matenda a hi-fi amawayamba tsiku limenelo.

Pa katoni alemba kuti mawati 5,000. Si ndiye zamphamvu zimenezo?

Yang'anani zilembo zimene zili pafupi ndi nambalayo. Ngati ndi PMPO, nambalayo ilibe ntchito, chifukwa palibe njira imodzi yogwirizana yoyezera zimenezo ndipo kampani iliyonse imalemba zimene yakonda. Nambala yothandiza ndi ya mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza, yomwe kawirikawiri amailemba kuti RMS. Ndipo pali njira yachidule yogwirira bodza. Tembenuzani chidacho, muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo kosonyeza magetsi amene chimadya. Chida chodya mawati 60 pa soketi sichingakhale chikutulutsa mawati 5,000.

Komanso mawati sachulukitsa mawu monga anthu amaganizira. Kukula kwa mawu amakuyeza mu ma decibel. Mukawirikiza mawati kawiri, mawu amakwera ndi ma decibel atatu okha, komwe ndi kusintha kongomveka pang'ono. Kuti khutu liti mawu akula kawiri, pamafunika ma decibel pafupifupi 10, ndipo pamenepo mawati ayenera kuchuluka kakhumi. Choncho ampulifaya ya mawati 100 siisiya patali inzake ya mawati 50. Ampulifaya ya NAD 3020, imene inatuluka mu 1978 n'kukhala imodzi mwa zogulidwa kwambiri m'mbiri ya hi-fi, inalembedwa mawati 20 okha mbali iliyonse.

Chodabwitsa n'chakuti ampulifaya yaing'ono ndi imene imakonda kuotcha masipika. Mukaikakamiza kupitirira mphamvu zake imayamba kutulutsa manzenene, ndipo manzenene amenewo amatenthetsa katwita, kasipika kakang'ono ka mawu osongoka, mpaka kupsa. Mawu akayamba kukanda m'khutu, tsitsani voliyumu.

Ngati ndalama ndi zochepa, ndiyambire pati?

Pa masipika, kapena pa mahedifoni. Apo ndi pamene magetsi amasanduka mawu, ndipo ndi pamene zolakwika zimachuluka. Ma ampulifaya awiri abwinobwino, akamaimba pa voliyumu yofanana ndipo osakakamizidwa, amavuta kuwasiyanitsa. Masipika awiri osiyana ngakhale mwana amawasiyanitsa.

Kukula si ubwino. M'zaka za m'ma 1970, a BBC anapanga kasipika kotchedwa LS3/5a koti kazigwira ntchito m'magalimoto awo oulutsira mawu, momwe malo ndi ochepa. N'kakang'ono koti munthu amakanyamula ndi dzanja limodzi, besi yakuya kalibe, koma mawu a munthu kamawatulutsa mwachilengedwe kotero kuti mpaka lero makampani akukapangabe ndi chilolezo cha BBC, ndipo takale timagulidwa pa mitengo yoopsa.

Masipika ankamveka bwino m'sitolo, koma kunyumba akungochita phokoso. Chavuta n'chiyani?

Chipinda. Funso ili ndi limene ndimafuna anthu akanamafunsa asanafunse za china chilichonse, chifukwa yankho lake silidya ndalama zambiri.

Zimene mumamva mukakhala pampando si za m'sipika zokha. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, amagunda khoma, pansi ndi denga, n'kubwerera kwa inu mochedwerapo pang'ono. Nyumba zathu zambiri ndi za pansi pa simenti kapena matailosi, makoma opulasitala, mawindo agalasi, zina malata opanda siling'i. Zonsezi n'zolimba, zimabweza mawu. Imani pakati pa chipinda, muombe m'manja kamodzi. Mukamva kamawu kakutsalira kakuti ng'iii, dziwani kuti nyimbo zanu nazonso zikuchita chimodzimodzi.

Mankhwala ake ndi zinthu zofewa ndi zokhuthala: kapeti pakati pa inu ndi masipika, makatani olemera, mipando ya sofa, shelefu yodzaza mabuku. Mateleyi a mazira amene ena amakhoma m'masitudiyo a m'makwalala sathandiza kwenikweni. Ndi opyapyala kwambiri moti besi imangodutsa, phokoso la kunja salitchinga, komanso ndi nkhuni zodikira moto.

Besi ili ndi vuto lakelake. Mafunde ake ndi aatali kwambiri moti amakodwa pakati pa makoma awiri oyang'anizana. M'chipinda chotalika mamita anayi, mawu a pafupifupi 43 Hz amadzikundika: pafupi ndi khoma amagunda mopweteka mutu, pakatikati pa chipinda amangosowa. N'chifukwa chake munthu wina amati besi yachuluka pomwe mnzake, pampando wina m'chipinda chomwecho, akuti kulibe. Onse akunena zoona. Sipika yoikidwa pakona imakokomeza besi kuposa paliponse.

Ndiye yesani izi. Chotsani masipika pakona, muwasunthe pang'ono kuchoka kukhoma. Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ukhale wofanana ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika pamutu panu. Titwita tikhale molingana ndi makutu anu mutakhala pansi, osati pamwamba pa kabati pafupi ndi denga. Mpando wanu usatsamire khoma ngati malo alipo. Kusuntha sipika pang'ono chabe kumasintha mawu kuposa kusintha ampulifaya.

Akuti zimbale za galamafoni zimamveka bwino kuposa CD. N'zoona?

Tikamanena za kukhulupirika kwa mawu, ayi. Chimbale chachikulu cha LP chinatulutsidwa ndi Columbia Records mu 1948, chozungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi, ndipo mbali imodzi imanyamula mphindi 20 ndi zingapo. Nyimbo imakhala m'kamzere kokhotakhota komwe nsingano imatsata. Kuti nsinganoyo isadumphe, odinda zimbale amachepetsa besi kwambiri, ndipo pomvetsera pamafunika kachida kena kobwezeretsa besiyo. N'chifukwa chake galamafoni yolumikizidwa pa bowo lolakwika la ampulifaya imamveka motsika ndiponso mopyapyala. Nsingano ikamayandikira pakati pa chimbale, mawu amayamba kuipa. Fumbi limathetheka. Kutentha kumapinda chimbale, ndipo kwathu kuno mwezi wa Okutobala chimbale chosiyidwa pawindo sichichedwa kupindika.

CD, imene Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi. Nambala imeneyi sinangotoledwa. Masamu amasonyeza kuti kuyeza koposa kawiri mawu osongoka kwambiri amene mukufuna kusunga n'kokwanira kuwabwezeretsa onse, ndipo khutu limathera pa 20,000. Kuchokera pa kachetechete kufika pa mawu aakulu kwambiri, CD ili ndi mpata wa ma decibel pafupifupi 96, kuposa chimbale chilichonse.

Nanga bwanji anthu akubwerera ku zimbale, mpaka ku America mu 2022 zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba kuchokera mu 1987? Zifukwa zilipo, ndipo si zopusa. Zolakwika za chimbale zimafewetsa mawu mwa njira imene makutu ambiri amaikonda. Nthawi zina nyimbo ya pa chimbale imakonzedwa mosamala kuposa ya pa CD. Ndipo chimbale chimakukakamiza kukhala pansi: uchitulutse m'chikuto, uchipukute, utsitse nsingano, umve nyimbo zonse motsatana popanda kudumpha. Ine ndimaona kuti chifukwa chomalizachi ndicho chachikulu, ngakhale eni ake sakonda kuvomera.

Mu 2022 momwemo kunachitika nkhani yochititsa manyazi akatswiri ambiri. Kampani ya ku America ya Mobile Fidelity Sound Lab, yotchuka ndi zimbale zodula zomwe ogula ankakhulupirira kuti sizinadutse pa kompyuta, inavomera kuti kwa zaka zambiri inkayamba yasamutsira nyimbo mu dijito isanazidinde. Anthu amene ankalumbira kuti dijito amaimva kununkha patali anali atakhala akuziyamikira zimbalezo osazindikira kanthu.

Pa nkhani ya zimbale, a ku Zambia ali ndi chonyadira. Nyimbo za Zamrock za m'ma 1970, za magulu ngati WITCH ndi Amanaz, zinadindidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ndipo zimbale zoyambirira zenizeni osonkhanitsa a kunja amazisaka ndi ndalama zambiri. Amene muli ndi katoni ya zimbale za agogo, musafulumire kuitaya.

Nanga MP3? Kodi ndiyenera kusaka nyimbo za FLAC kapena za hi-res?

MP3 inapangidwa makamaka ku bungwe la Fraunhofer ku Erlangen, m'dziko la Germany, ndi gulu la akatswiri lomwe munali Karlheinz Brandenburg. Nzeru yake ndi yakuti mawu aakulu amaphimba mawu aang'ono oyandikana nawo, choncho ophimbidwawo angathe kutayidwa khutu osadziwa. Mphindi imodzi ya nyimbo ya pa CD imadya pafupifupi 10 MB. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB, ya 320 kbps pafupifupi 2.4 MB. FLAC imapanikiza osataya kanthu, ndipo imatsitsa kukula kwa nyimbo kufika chapakati.

MP3 ya 128 kbps imamveka kuperewera pa zida zabwino, makamaka pa maseche ndi kuomba m'manja, zomwe zimamveka ngati zili m'madzi. Koma ya 256 kapena 320 kbps yokonzedwa bwino, anthu ambiri amalephera kuisiyanitsa ndi CD akapanda kuuzidwa. Kwa munthu wogula bandulo, kumvera FLAC pa foni m'minibasi n'kungotaya ndalama.

Vuto lenileni kwathu ndi lina. Nyimbo imachotsedwa pa vidiyo ya YouTube, wina n'kuisintha kukhala MP3, wa ku burning centre n'kuichepetsanso kuti zikwane zambiri pa memore khadi. Nthawi iliyonse imene yapanikizidwanso, china chake chimatayika, ndipo chotayikacho sichibwerera. Kusandutsa nyimbo yotereyi kukhala FLAC kumangokulitsa failo. Pezani nyimbo kuchokera kwa mwini wake kapena kumalo ovomerezeka, woimbayo adyepo nawo.

Za hi-res, zomwe zimayeza mawu ka 96,000 kapena 192,000 pa sekondi, n'zothandiza mu situdiyo pokonza nyimbo. Pomvetsera, umboni wake ndi wofooka. Mu 2007, E. Brad Meyer ndi David Moran a ku Boston anafalitsa zotsatira za mayeso 554 omwe omvera ankayenera kusiyanitsa hi-res ndi mawu a mulingo wa CD osaona. Anakhoza ka 276, theka, chimodzimodzi kungolota. Mu 2016, Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti kusiyana kulipo koma n'kochepa kwambiri, ndipo kumamveka makamaka kwa ophunzitsidwa kumvetsera.

N'chifukwa chiyani nyimbo zina zatsopano zimatopetsa makutu ngakhale pa zida zabwino?

Chifukwa zinafinyidwa. Kuyambira m'ma 1990, makampani ankapikisana kuti nyimbo yawo imveke mokweza kuposa ya mnzawo pa wailesi. Popeza CD ili ndi malire, njira yake inali kukweza mbali zofatsa za nyimbo kuti zilingane ndi zaphokoso. Zotsatira zake, ng'oma sigundanso, nyimbo sipuma, zonse zimangokhala khoma limodzi la phokoso. Chimbale cha Metallica cha mu 2008, Death Magnetic, chinafika poti okonda gululo anapeza kuti nyimbo zomwezo zinkamveka bwino m'masewera a pa kompyuta a Guitar Hero kuposa pa CD imene anagula.

Palibe sipika ingakonze zimenezi. Sipika yabwino imangoziulula. Opanga nyimbo athu achinyamata adziwe kuti Spotify ndi YouTube masiku ano amatsitsa okha nyimbo zokwezetsa kuti zilingane ndi zinzake, ndiye wofinya nyimbo yake amataya kukoma popanda kupindula kanthu.

Mawaya a mtengo wapatali amasinthadi mawu?

Waya wa sipika ayenera kukhala wa kopa, wonenepa mokwanira mtunda wake, ndi wolumikizidwa molimba. Zikakwana izi, zotsalazo ndi malonda. Waya wa HDMI ndiye nkhani yake ndi yachidule: ngati chithunzi ndi mawu zikufika osadukaduka, wodula sangawonjezere kanthu.

Sindikunena kuti amene amamva kusiyana ndi abodza. Amamvadi, koma kusiyanako kumachokera m'mutu. Mu 1994, Floyd Toole ndi Sean Olive a kampani ya Harman anaonetsa kuti anthu omwewo, ngakhale akatswiri, amapereka malikisi osiyana kwa masipika omwewo malinga ndi ngati akuwaona kapena abisidwa kuseri kwa katani. Maso akaona thabwa lonyezimira ndi dzina lotchuka, khutu limavomereza. Palinso msampha wa voliyumu: pa zida ziwiri, chokwezedwa pang'ono chabe chimamveka ngati chabwino koposa, ndipo ogulitsa ochenjera amadziwa zimenezi. Mukafuna kudziwa zoona, linganizani voliyumu, mufulatire, mnzanu azisintha osakuuzani.

Ndikufuna mahedifoni abwino. Ndiyang'ane chiyani?

Mahedifoni ndi njira yotsika mtengo kwambiri yolowera mu hi-fi, chifukwa vuto la chipinda limatheratu, ndipo a nyumba yoyandikana nayo sadandaula. A sitiriyo oyamba anatulutsidwa ndi John Koss ku Milwaukee mu 1958. Mu 1968, kampani ya Sennheiser ya ku Germany inabweretsa HD 414, oyamba kukhala otsekula kumbuyo. Mitundu iwiri, otseka ndi otsekula, ilipobe. Otseka amatchinga phokoso la kunja ndipo mnzanu wapafupi samva zimene mukumvera, choncho ndi oyenera mu ofesi, paulendo ndi pojambula mawu. Otsekula amamveka motakasuka, ngati nyimbo ili kunja kwa mutu, koma amadontha mawu mbali zonse ziwiri. Ndi a m'chipinda chachete basi.

Onaninso ma ohm. Ambiri a pa foni ali pakati pa 16 ndi 32, ndipo foni imawakwanitsa. Sennheiser HD 600, amene anatuluka mu 1997 ndipo akugulitsidwabe, ali ndi ma ohm 300. Pa foni yokha angamveke motsika, ndiye amafuna ka ampulifaya kakang'ono. Sikafunika kukhala kodula.

Mtengo usakupusitseni. Sennheiser HE 1, okhala ndi ampulifaya yosemedwa m'mwala wa marble, anatuluka mu 2015 pa mtengo wa ma euro pafupifupi 50,000. Koma Sony MDR-7506 a mu 1991, otsika mtengo, ndi amene mungawapeze pamutu pa ojambula mawu m'nyumba zoulutsira mawu zambirimbiri. Mu 2017, Jeroen Breebaart anayeza mahedifoni 283 n'kupeza kuti mtengo sunkagwirizana kwenikweni ndi kalinganizidwe ka mawu ake. Masiku ano toika m'khutu tina totchipa ta ku China timamveka bwino modabwitsa.

Malangizo awiri ang'onoang'ono. Pa toika m'khutu, kamphira kakapanda kutseka bwino khutu besi yonse imathawa, ndiye yesani timphira tonse ta m'paketi musanadandaule. Ndipo dzina lotchuka pa mtengo wa bonya pamsika, dziwani kuti dzina lokhalo ndilo mwagula.

Bluetooth imawononga mawu? Nanga aja oletsa phokoso amagwira bwanji?

Imapanikiza mawu, inde. Njira wamba ya SBC imafika pafupifupi 328 kbps, ya LDAC ya Sony imafika 990, pomwe CD ndi 1,411. Koma pamsewu kapena m'basi simungamve kusiyana. Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi batire. Ikafa, kawirikawiri mahedifoni onse afa, pomwe a waya amatha zaka makumi awiri mukungosintha masiponji.

Oletsa phokoso ali ndi timaikolofoni tomvera phokoso la kunja, kenaka amatulutsa funde lotsutsana nalo kuti ziwirizo zifafanizane. Amar Bose anayamba kuganizira zimenezi ali m'ndege mu 1978. Amagwira bwino pa phokoso lakuya losasintha, monga injini ya basi, jenereta kapena chigayo. Mwana akulira kapena tambala, mumvabe ndithu.

Kodi 5.1 ya pa home theater imatanthauza chiyani, ndipo ndi yofunikadi?

Ndi masipika asanu ndi sabuufa imodzi: kumanzere, pakati, kumanja, awiri a m'mbali chakumbuyo, ndi ya besi yakuya. Zinachokera ku nyumba zoonetsera mafilimu. Disney anayesa mawu ozungulira omvera pa filimu ya Fantasia mu 1940. Star Wars ya mu 1977 inatchukitsa Dolby Stereo. Dolby Digital ya 5.1 inafika ndi Batman Returns mu 1992, ndipo DTS inabwera ndi Jurassic Park chaka chotsatira. Mu 2012, filimu ya Brave inayambitsa Dolby Atmos, yomwe imawonjezera mawu ochokera kudenga.

Mwa masipika onsewa, yofunika kwambiri ndi ya pakati, chifukwa zoyankhula za m'filimu pafupifupi zonse zimadutsa mmenemo. Amene mumadandaula kuti mabomba akugonthetsa koma anthu sakumveka zonena, kwezani sipika ya pakati yokha ndi ma decibel awiri kapena atatu, ndipo muitulutse m'kabati momwe mwaitsekera.

M'nyumba zambiri ndimaona masipika onse asanu atandandalikidwa pa shelefu ya TV ngati zokongoletsera. Pamenepo palibe chozungulira. Awiri a kumbuyo aja malo awo ndi m'mbali mwa mpando, chakumbuyo pang'ono, mokwererapo kuposa makutu. Komanso chimene mukuonera chiyenera kukhala cha 5.1. Zida zambiri zotchipa zimangotenga mbali ziwiri za sitiriyo n'kuzigawira masipika onse.

Sabuufa ingakhale paliponse m'chipinda, chifukwa pansi pa 80 Hz khutu silidziwa bwino komwe mawu akuchokera. Malire amenewa ndi amene a THX, bungwe loyambitsidwa ndi kampani ya George Lucas mu 1983, amalimbikitsa. Pali kanjira koseketsa kopezera malo ake. Ikani sabuufa pampando wanu, muike nyimbo ya besi, kenaka mukwawe m'mbali mwa makoma mukumvetsera. Pamene besi yamveka yosalala, osati yongogunda, ndi pamene muiike. Ana adzakusekani, koma zimagwira.

Ngati ndalama sizikwana zonsezi, masipika awiri abwino amaposa asanu achabechabe, pa nyimbo ndi pa filimu pomwe. Ena mudzawonjezera m'tsogolo.

Kodi kumvera mokweza kumawonongadi makutu?

Kwambiri, ndipo sikuchira. M'kati mwa khutu muli timaselo taubweya tomwe tikafa sitimeranso. Bungwe la NIOSH la ku America limati ma decibel 85 asapitirire maola asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo mukakweza ndi atatu nthawiyo idulidwe pakati. Pa ma decibel 100, omwe mahedifoni ambiri amafika mosavuta, ndi mphindi 15 zokha. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa chiopsezo chifukwa cha kamvedwe kotere. Makutu akamalira mutachoka kudansi, kumeneko ndi kuvulala.

Ukalamba nawonso umadya mawu osongoka pang'onopang'ono. Zomvetsa chisoni n'zakuti ambiri amapeza ndalama zogulira zida za maloto awo pamene makutu ayamba kale kutsika.

Nyimbo zathu zakale zinajambulidwa ndi zida zosavuta. Pali phindu kuzimvera pa hi-fi?

Lilipo, mwina kuposa pa nyimbo zatsopano. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo zambiri m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, atagwira maikolofoni m'manja n'kumaisuntha kutsata woimba. Gerhard Kubik wa ku Vienna anayamba kujambula Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967. Ian Brennan anajambula akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba mu 2013, ndipo chimbale cha Zomba Prison Project chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za mu 2016. Nyimbo zotere sizinadutse m'makina ambiri. Pa mahedifoni abwino mumamva chala chikukhudza nsambo, woimba akukoka mpweya, ndi kukula kwa malo amene anaimbiramo. Pa kasipika ka foni zonsezo zimafafanizika, n'kutsala nyimbo yokha yopanda anthu ake.

Nanga zida zakale zogwiritsidwapo kale ntchito, ndigule?

Gulani, koma mosamala. Ma ampulifaya a m'ma 1970 ndi 1980 a makampani ngati Pioneer, Sansui, Yamaha ndi Technics anapangidwa molimba, ndipo amisiri a mawailesi amatha kuwakonza chifukwa zipangizo zake zimasinthika chimodzichimodzi. Musanalipire, mverani mbali zonse ziwiri, mupotoze mabatani onse kuti mumve ngati akukanda, ndipo muisiye iimbe kwa kanthawi muone ngati ikutentha mopitirira. Pa masipika, chotsani chophimba cha kutsogolo muone mkombero wa siponji. Umafumbutuka ndi zaka, koma umasinthika. Tengani nyimbo zitatu zimene mumazidziwa bwino, ina ikhale ya mawu a munthu ndi gitala basi.

Chenjerani ndi magetsi. Zida zopangidwira msika wa ku Japan zimafuna mavoti 100, za ku America 120, pomwe kwathu ndi 230. Mukangolowetsa pa soketi popanda thiransifoma, utsi. Werengani kumbuyo musanalumikize. Gulaninso kachida koteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo akazima kapena kukachita ziphaliwali, zulani pulagi. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomaliza. Pozimitsa, ikhale yoyamba, kuti kugunda kwa zida zinazo kusafike ku masipika.